Kadontho Kachitatu pa Injini

1. Pempho la pageti

A Mathias sankadzuka m'mamawa. Ntchito yawo yogula ndi kugulitsa magalimoto oyendapo kale inkayamba dzuwa litakwera, ogula atamwa tiyi. Choncho Sellina atawapeza ataima pageti Lachinayi lija kunja kusanayere bwino, atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, anadziwiratu kuti pali chimene akufuna.

"Mwadzuka bwanji, ankolo?"

"Tadzuka, mwanawe. Taima kaye."

Sellina anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankaphunzira umakaniko pagalaja ina ku Makata, ndipo ankakhala ndi mayi ake m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya a Mathias ku Chimwankhunda. A Mathiaswo anali mng'ono wa malemu bambo ake, a Fabiano, amenenso anali makaniko.

Pamaliro a a Fabiano, zaka ziwiri m'mbuyomo, a Mathias anaimirira pamaso pa anthu n'kulonjeza kuti mlamu wawo ndi mwana wake sadzagona panja iwo ali moyo. Amayi a mvano anagwedeza mitu moyamikira. Madzulo a tsiku lomwelo a Mathias anatenga makiyi a pikapu ya mkulu wawo pamodzi ndi bokosi la masipanala, ati kukazisunga pabwino.

Patatha mwezi anabwera ndi uthenga woti injini ya pikapu ija yanoka, yafa yosadzukanso, ndipo galimoto yonse yapita kwa ogula zitsulo. Palibe amene anafunsa zambiri. Wogona m'nyumba ya mwini sakhala ndi mafunso.

"Ukuiona iyo?" anatero a Mathias akuloza fobayifo yoyera imene inali itaima pansi pa mtengo wa mango kwa milungu iwiri. "Lero ikubwera kugalaja kwanu. Wogula ndi mkulu wina wa ku Limbe, a Sidiki. Wakakamira kuti aione kaye a Kalimu. Akuti sakhulupirira makaniko wina aliyense."

"Chabwino, ankolo."

"A Kalimu ako aja maso anatha. Tonse tikudziwa kuti wowerenga manambala kumeneko ndiwe." Anatsitsa mawu. "Injiniyo tinasinthako. Nkhani yaing'ono, aliyense amatero. Iwe ukangokopera zimene zili m'bulubuku ya galimotoyo: mtundu wa injini, 5L, ndi nambala yake. Usakavutike n'kukwawa pansi, ungadetse ovololo."

Anaseka okha. Ovololo ya Sellina inali isanayerepo chiigulire.

"Komanso kanyumba kaja," anapitiriza akuyang'ana kuseri, "azakhali ako akhala akundivutitsa kuti tiikemo alendi. Ine ndimakana. Ndimati magazi ndi magazi. Usandisowetse chowayankha."

Anamusisita paphewa, n'kubwerera kukagona.

2. Tseka maso

Zenera la kanyumba kaja linalibe galasi, ndiye mayi ake a Sellina, a Magdalene, anamva zonse. Anatuluka ndi kakontena ka mbatata yophika, n'kumuperekeza mpaka kumsewu, chinthu chimene sankachita masiku onse.

Anayenda mpaka anadutsa pampopi. Kenako a Magdalene anati:

"Mwana wanga, ndimvere. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, ndipo ife pano tili kwa eni. Kumudzi ku Phalombe munda anagawana kalekale. Nditapita lero ndikakhala mlendo pakhomo pamene ndinabadwira. Iwe kwatsala chaka chimodzi kuti ulembe mayeso a ntchito yakoyi. Ukalemba, ukapeza pako pogwira, tidzatuluka pano masana, anthu akuona. Koma lero ayi. Bodza limeneli si lako, mwini wake ndi amene wakutuma. Iwe ukangokhala dzanja. Chiyambire ndinakupemphapo chiyani? Lero ndikupempha chimodzi chokha. Ukafika pa injini imeneyo, tseka maso."

Sellina anawayang'ana. Iwo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Ndamva, amayi."

Minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko n'kumaitanira a m'tauni. Sellina anakwera. Atacheuka anaona mayi ake ataima pomwe paja, kakontena ka mbatata kali m'manja. Onse awiri anali atakaiwala.

3. Mboni zitatu

Galaja ya a Kalimu inali pakati pa fakitale ya mapepala apulasitiki ndi nyumba yosungiramo simenti. Inalibe chikwangwani. Anthu ankaidziwa ndi mutu wa lole yakale umene unakhala pakhomo pake mpaka kumera udzu.

A Kalimu anali mkulu wamfupi, wa ndevu zoyera, wosavula kofia ngakhale pansi pa galimoto. Manambala sankawaonanso, koma akaika chogwirira cha sikuludiraiva kukhutu, nsonga yake pa injini, ankanena matenda ngati dokotala.

Fobayifo ija inafika cha m'ma teni. Ankayendetsa ndi a Mathias. Pambali pawo panakhala a Sidiki, munthu wamtali wovala mkanjo wotuwa.

"Zimitsani," anatero a Kalimu moni atatha. "Lizaninso."

A Mathias anapotoza kiyi. Injini inatsokomola kawiri, kenako n'kuyamba kulira bwinobwino.

Sellina anali akupukuta sipanala. Dzanja lake linaima. Kenako anapitiriza kupukuta, poti injini zotsokomola m'Blantyre ndi zambiri.

"Chemwali," anatero a Sidiki akumugwedezera mutu, kenako anatembenukira kwa a Kalimu. "Achimwene, galimotoyi si yanga ndekha, ndi ya kumzikiti kwathu. Mukudziwa ife munthu akatisiya sitimugoneka masiku. Ndipo anthu athu ambiri kwawo ndi ku Namwera, ku Ntaja, kumisewu yamatope. Dzinja lathali tinatitimira ndi thupi la mayi wina, ana ake atakhala m'mbali mwa msewu mvula ikuwakwapula. Sindikufuna kudzaonanso zimene zija. Anthu andituma ine poti ndayendetsa malole zaka makumi atatu. Koma kuyendetsa si kudziwa za m'mimba mwa galimoto. Ndikufuna ndidziwe chimene ndikuwatengera."

"Mdala, musadandaule, iyi ndi 5L," anatero a Mathias akutsegula boneti. "Onani sitika iyi. Onani kachitsulo aka. Bulubuku nayi. Mboni zitatu. Ngakhale kukhoti mlandu watha."

Injiniyo inali yotsukidwa mpaka kunyezimira.

"Mboni zanuzo zonse ndi zongomva," anayankha a Kalimu. "Sellina, tabwera. Kachitsulo kokhomedwa m'boneti kamanena chiyani?"

"Kamanena injini imene galimoto inatuluka nayo kufakitale."

"Bulubuku?"

"Imanena imene inalimo tsiku lolembetsa."

"Nanga sitika?"

"Amagulitsa mumsika wa Limbe."

A Sidiki anaseka. A Mathias nawo anaseka, mochedwerako.

"Tamverani, a Sidiki," anatero a Kalimu. "3L ndi 5L ndi ana a mimba imodzi. Nkhope imodzi, timapaipi ta dizilo tinayi uku ndi uku, mawu ofanana. Ine amene ndakalambira pa zimenezi sindingalumbire ndi khutu lokha. Koma m'kati n'zosiyana. 5L ndi yaikulu, mapisitoni ake ndi gasiketi yake sizilowa mwa mnzakeyo. Tsiku lina mudzafera kuseri kwa Namwera, mudzatuma munthu kuno kudzagula za 5L poti ndi zimene pepala likunena, adzayenda ulendo wonsewo n'kukupezani ndi zinthu zosalowa, inu muli pamsewu ndi maliro anu. Komanso nambala ikasiyana ndi ya m'bulubuku, tsiku lina adzakuimitsani n'kukufunsani kumene munaitenga injiniyo, inu anthu a mzikiti. Mboni yoona ndi maso ilipo imodzi yokha, nambala yodinda pa buloko, pathupi penipeni pa injini. Chitsulo sichidziwa kunama. Amanama ndi wowerenga."

A Mathias anatsokomola, n'kumuyang'ana Sellina kamodzi kokha.

"Tiyeni timusiye mwana agwire ntchito," anatero. "A Sidiki, tikamwe kaye zoziziritsa kukhosi apo."

Anatuluka awiriwo kupita kukagolosale ka tsidya la msewu.

4. Pepala ndi pensulo

Sellina anatenga palafini, bulashi yawaya, tochi, pepala ndi pensulo. Akanatha kungokhala pabenchi n'kukopera. Koma a Kalimu anali ataima pomwepo, ndipo mapazi ake anali atazolowera njira yopita pansi pa galimoto. Anayala katoni n'kulowa chagada.

Nambala inali pambali pa buloko, chakumunsi, kuseri kwa mapaipi. Wotsuka injini uja anali atatsuka paliponse kupatula pamenepo. Panali girizi wokhuthala wosakaniza ndi fumbi, womatidwa bwino ngati pulasitala.

Anathirapo palafini, n'kukwecha. Malowo anali opanikizika, diso silinkafikapo bwino, ndiye anachita mmene bambo ake anamuphunzitsira. Anakanikiza pepala pachitsulo ndi zala ziwiri, n'kuyamba kukhukhutiza pensulo chogoneka. Pepala linkada, zilembo zikutuluka zoyera.

Choyamba chinali 3. Chachiwiri L.

Sizinamudabwitse. Ankolo ake anali atanena okha. Ndipo 3 ndi 5 pakhadi la ntchito zimangosiyana ndi kupotoza dzanja pang'ono.

Anapitiriza kukhukhutiza, manambala akutuluka imodzi imodzi mpaka yomaliza. Pensulo inapitirira pang'ono. Panatuluka kadontho. Kenako kena pambali pake, mumzere woongoka. Kenako kachitatu, kotsikira pansi, kopendekeka ngati kakufuna kuthawa anzake.

Sellina anawalitsa tochi papepalapo. Anaizimitsa. Anaiyatsanso.

Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, akukhala ku Ndirande, bambo ake anaphwasula injini ya pikapu yawo n'kuimanganso pabwalo la nyumba. Iye ankawapatsira masipanala akaweruka kusukulu. A Fabiano anali ndi chizolowezi chawo. Injini iliyonse imene aitsegula n'kuimanga, ankakhomapo timadontho tiwiri pafupi ndi nambala. Tsiku lomaliza anakhoma tiwiri tawoto, kenako anamupatsa Sellina nyundo ndi kachitsulo kosongoka.

"Lero pakhale kachitatu," anatero. "Mabawuti apamwambawa wamanga ndiwe."

Nyundo inaterereka. Inamenya chala chachikulu, kadontho n'kukhala kokhota. Sellina analira, osati chifukwa cha chala chokha, ndipo anapempha kuti akhomenso kabwino.

"Kasiye," anatero bambo ake akumumanga chala ndi kansalu. "Chitsulo sichifufutika, n'chifukwa chake usanakhome uziyamba waganiza. Tamvera, mwana wanga. Munthu akabwera kwa makaniko amabwera ali wakhungu. Amadzabwereka maso ako. Akakufunsa kuti muli chiyani umu, n'kumuuza zimene mulibe, wamubera maso amene anabwerekawo, ndipo adzayenda nalo bodza lakolo mpaka pamene lidzamutayire. Ine dzina langa silili pachikwangwani chilichonse m'tauni muno. Lili patimadontho timeneti. Tsiku lina ndidzapita, koma injini zanga zidzatsala zikuyenda, ndipo wozitsegula adzadziwa kuti pano panadutsa Fabiano, ndipo sanabise kanthu."

Chikhadabo cha chala chija chinameranso ndi kamzere pakati, ndipo kamzereko kanalipobe.

Sellina anatambasula dzanja n'kuligoneka pa buloko. Injini imene anauzidwa kuti inafa inali yofunda.

Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Mwana iwe, wagona?" A Kalimu anagwada movutikira, mawondo akulira. "Nambala imodzi mpaka dzuwa kupendeka?"

Sellina anagwira dzanja la mkuluyo n'kulitsogolera pakati pa mapaipi mpaka pamalo paja. Zala za a Kalimu zinayenda pa manambala, n'kuima kumapeto. Zinabwerera. Zinaimanso.

"Fabiano," anatero chapansipansi. A Kalimu anagwirapo ntchito ndi a Fabiano zaka zisanu ndi ziwiri asanatsegule galaja yawo. "Koma iye ankakhoma tiwiri."

"Kachitatuko n'kanga."

A Kalimu anakhala pansi, pafumbi pomwepo, n'kutsamira teyala.

"Ndikudziwa kumene umagona," anatero. "Ndikudziwanso mwini wake wa denga limenelo. Ndikhoza kuwauza a Sidiki kuti lero tatanganidwa, apite nayo kwina. Iwe sukhala utanama, ndipo sukhala utaulula."

"Akapita kwina akangokopera bulubuku."

"Mwina."

"Ndiye akafera ku Namwera."

A Kalimu anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi malaya, ngakhale kupukutako sikunkathandizanso kanthu.

"Sindikusankhira. Denga ndi lako, ine ndili ndi langa. Koma ukasankha kulemba, ulembe zimene zili pachitsulo, osati zimene zili mumtima mwako. A Sidiki sanabwerere mlandu wa pabanja panu, abwerera injini. Ukawauza zoona chifukwa chofuna kuwachititsa manyazi ankolo ako, mawa udzanama chifukwa chofuna kusangalatsa amene umamukonda, poti ukhala utazolowera kuti dzanja lizimvera mtima. Dzanja la makaniko limamvera chitsulo. Mkwiyo wakowo usunge. Uli ndi tsiku lake, ndi anthu ake oyenera kuumva."

5. Khadi la ntchito

Pamene a Mathias ndi a Sidiki ankabwerera, Sellina anali atasamba m'manja ndipo anali pabenchi, khadi la ntchito lili patsogolo pake. Bulubuku inali yotsegula kumanzere kwake, pepala lakuda lija kumanja.

A Mathias anamubweretsera botolo la chakumwa. Analiika pambali pa bulubuku.

Sellina anagwira cholembera. Anachigwira ndi mphamvu mpaka chikhadabo chamzere chija chinayera. Analemba mizere itatu n'kupereka khadilo kwa a Kalimu.

"Ukundipatsa ine ngati ndiona? Werenga."

Anaimirira.

"Injini ndi 3L. Nambala yake ndi yosiyana ndi ya m'bulubuku." Anawerenga mzere wachitatu. "Injiniyo ili bwino. Anaimanga ndi munthu wodziwa ntchito."

Kufakitale ya mapulasitiki makina ankangolira.

"Mwana uyu akuphunzira kumene," anatero a Mathias akumwetulira. "Wasokoneza 5 ndi 3. Mukudziwa atsikana, akaona oyilo mutu umazungulira."

Sellina anatenga pepala lakuda lija n'kulipereka kwa a Sidiki ndi manja awiri. Mkuluyo analikweza kudzuwa, n'kuliyang'ana ali phee.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero, "koma 3 ndimamudziwa." Anabweza pepalalo kwa Sellina, n'kutembenukira kwa a Mathias. "Bambo, 3L si tchimo. Mukanandiuza poyamba, tikanakhala pansi n'kukambirana, n'kukakonza mapepala. Koma mwandimwetsa zoziziritsa kukhosi mukudziwa. Ndikawauza chiyani anthu amene andituma?"

"Mdala, tiyeni tikambirane."

"Takambirana kale." A Sidiki anayang'ana Sellina. "Mwana wa ndani ameneyu?"

A Kalimu anatsegula pakamwa, koma a Mathias anafulumira kuyankha.

"Sindikumudziwa."

A Sidiki anayang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene waponda pamalo pofewa osadziwa chimene chakwiriridwapo. Sanafunsenso. "Mulungu akusunge, chemwali," anatero. Anatsanzika a Kalimu n'kuyamba ulendo wapansi kulowera kokwerera minibasi.

A Mathias anadikira mpaka mkanjo uja utazimiririka.

"Walavulira m'mbale imene umadyeramo," anatero osakweza mawu.

"Ankolo, ndifunse nawo." Sellina anali atayang'ana pansi, mwaulemu, manja ali kumbuyo. "Injini yonoka imadzuka bwanji?"

A Mathias anamuyang'ana. Anayang'ana pepala lija, n'kuona kwa nthawi yoyamba timadontho ta kumapeto. Mkulu wawo anakhala akukhoma timadontho timeneto zaka makumi awiri, koma iwo anali asanalowepo pansi pa galimoto.

"Unali mwana iwe," anatero. "Sudziwa kanthu."

Anamenyetsa boneti, n'kutulutsa foni akulowa m'galimoto. Sellina anamva akutchula dzina la akazi awo, kenako mawu oti loko. Injini inatsokomola kawiri, galimoto n'kutuluka pageti.

Botolo lija linatsala pabenchi losatsegula.

"Pita kunyumba," anatero a Kalimu. "Zitsulo sizithawa."

6. Pansi pa mango

Anafika ku Chimwankhunda cha m'ma fili. Pachitseko cha kanyumba kaja panali loko watsopano, wonyezimira. Makatani onse a nyumba yaikulu anali otseka.

Katundu wawo anali pansi pa mango, pamene fobayifo inkaima. Matiresi opindidwa, ndowa ziwiri, mbaula, mapoto m'thumba la ufa, ndi bokosi lachitsulo. Zaka ziwiri zija katunduyo ankaoneka wodzaza nyumba. Panja anali wochepa kwambiri.

A Magdalene anali atakhala pabokosi lija. Zovala zonse anali atazipinda bwinobwino, ngati akupita kukacheza.

Sellina anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, sindinatseke maso."

"Ndaona."

"Ndikhululukireni."

Sellina anatulutsa pepala lija m'thumba la ovololo, n'kuliyala pamiyendo yawo, n'kuloza kumapeto.

"Si injini wamba, amayi. Ndi ya ababa. Sinafe."

"Ndikudziwa."

Sellina anadzutsa mutu.

"Tsiku loyamba kuiliza pano iwe unali utapita kale kuntchito," anatero a Magdalene. "Ine ndinkachapa kuseri. Inatsokomola kawiri. Ndinangopezeka ndaimirira, ndikupukuta manja pachitenje, ndikuthamangira kukawapatsa bambo ako kakontena kawo asananyamuke. Ndinafika pakona apo ndisanakumbuke." Anasisita pepalalo ndi chikhatho. "Milungu iwiri, m'mawa uliwonse. Alamu akailiza, ine ndimalowa m'nyumba n'kudzifunditsa bulangete kumutu. Ndinakuuza kuti utseke maso chifukwa ine ndinali nditatseka kale makutu. Ndinkafuna tikhale awiri."

Chala chawo chinafika pakadontho kokhota kaja n'kuima.

"Unalira tsiku limenelo mpaka anthu oyandikana nafe anabwera kudzafunsa amene wamwalira."

Anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka china. Sellina anagoneka mutu pamawondo awo. Mwana wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, mayi ake n'kumukoka.

"Tigona kuti, amayi?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Lero sindikudziwa."

Anakhala choncho mpaka mthunzi wa mango unasuntha n'kusiya matiresi padzuwa. Kenako a Magdalene anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Tadzuka."

Anatsegula bokosi lija. Anachotsa yunifolomu ya mvano, nsalu yakuda imene anavala pamaliro, ndi jekete ya a Fabiano. Pansi penipeni panali kajumbo ka shuga kopindidwa kanayi. M'kati mwake munali bulubuku yakale, yothimbirira ndi zala za oyilo.

"Tsiku lotenga makiyi a pikapu, alamu anaifuna nyumba yonse. Ndinati sindikudziwa kumene bambo ako ankaisunga. Ndi bodza limodzi limene sindinakalape." Anaitsegula. "Werenga za papepala lakozo. Pang'onopang'ono."

Sellina anawerenga. Chala cha mayi ake chinkatsatira m'bukumo, nambala ndi nambala. Anafika kumapeto limodzi. Pamwamba pa tsambalo panali dzina la a Fabiano.

Kumunsi kwa msewu kunamveka kulira kwa galimoto ikukwera chitunda. Onse awiri anaidziwa isanaoneke. Inafika n'kuima kunja kwa geti, hutala n'kulira.

Kwa zaka ziwiri, hutala ikalira pamenepo, a Magdalene ankasiya chilichonse chimene agwira n'kuthamanga kukatsegula. Sellina anadzuka kuti apite m'malo mwawo.

"Khala pansi," anatero mayi ake. "Iwe zako wachita."

Anamanga chitenje molimba, anatenga bulubuku ndi pepala lakuda lija, n'kuyenda mosathamanga. Hutala inaliranso. Katani imodzi ya nyumba yaikulu inagwedezeka.

A Magdalene anafika pageti n'kugwira mpiringidzo, koma sanaukoke. Anayang'ana mlamu wawo kudzera pakati pa zitsulo.

"Alamu," anatero, "tazimitsani kaye injini ya amuna anga. Ndili ndi mawu."

Injiniyo inalirabe kanthawi. Kenako inazima.